Njovu Yobisala mu Ulusi

Tengani chitenje cha mtengo wotsika m'nyumbamo, muchitembenuze. Kumaso maluwa ake ndi owala, kumbuyo ndi ofwifwa. Chifukwa chake n'chodziwikiratu: kufakitale anayamba awomba nsalu yoyera, kenaka n'kudinda maluwa pamwamba. Nsalu ndiyo inatsogola, maluwa anabwera pambuyo. Ku Patan, mzinda wakale wa kumpoto kwa chigawo cha Gujarat ku India, kuli amisiri amene amayambira kumene enafe timathera. Iwo amaika maluwa, zinkhwe ndi njovu mu ulusi nsalu isanakhaleko, ndipo akamawomba, zithunzizo zimangotulukira zokha. Nsalu yawoyo amaitcha patola, ndipo ili m'gulu la masari odula kwambiri m'dziko lonse la India.

Sari mwina munaionapo ku Limbe kapena ku Lilongwe pa ukwati wa amwenye, pakuti mabanja ambiri a amwenye a kuno makolo awo anachokera ku Gujarat komweko. Ndi nsalu imodzi yosasoka, yotalika mamita pafupifupi 5.5, ndiye kuti zitenje zitatu kuchotsako pang'ono. Mayi amaikulunga m'chiuno, kuipinda makwinya kutsogolo, n'kuponya chotsalacho paphewa. Masari ambiri lero ndi a makina. Amene tikukamba pano ndi a silika, owombedwa ndi manja, ndipo ena mwa iwo ulusi wake unanyikidwa mu utoto wa mizu, masamba ndi makoko a zipatso.

Tiyambe ndi ulusiwo. Mtengo wa mabulosi mukuudziwa, uja ana amatsikamo milomo ili bii. Masamba ake ndiwo chakudya cha mbozi imene imapanga silika wabwino. Alimi amaweta mbozizi m'nyumba, n'kumazithyolera masamba usana ndi usiku kwa masabata pafupifupi anayi. Ikakula mbozi imaleka kudya, imayamba kutulutsa ulusi kukamwa n'kumadzikulunga, ndipo pakatha masiku awiri kapena atatu imakhala itadzitsekera m'chikwa. Chikwa chonsecho ndi ulusi umodzi wosaduka, wotalika mamita 600 mpaka 900. Mukaileka mbozi kuti isanduke gulugufe, imaononga ulusiwo pofuna potulukira, choncho alimi amatenthetsa zikwa kuti ifere momwemo. Akatero amaziviika m'madzi otentha, kufufuza nsonga, n'kuphatikiza nsonga za zikwa zingapo kuti apeze ulusi umodzi wogwirika. Ulusi umenewu umakhala wouma gwa chifukwa cha zomata zimene mbozi inamatira chikwa chake. Amauwiritsa ndi sopo mpaka zomatazo zitachoka, ndipo pamenepo umapepuka ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kuyamba kufewa ndi kunyezimira. Popanda kutero utoto sulowa bwino. Pa ulimi wa silika India amangoposedwa ndi China, ndipo chigawo cha Karnataka kumwera ndicho chimatsogola. A ku Patan mbozi saweta, ulusi amachita kugula.

Tsopano tengani lichero. Mmisiri wa malichero amang'amba nsungwi, kuzipala, n'kuyala zina chotere, zina n'kumazipingasa, pamwamba pansi, pamwamba pansi, mpaka lichero litaoneka. Nsalu iliyonse yowomba ndi lichero la ulusi basi. Pali ulusi wa m'litali umene amaukunga pachowombera, ndiye pali wopingasa umene umadutsa uku ndi uku. Palibenso china.

Ndiye tiyerekeze kuti wina wabwera kwa mmisiri uja nati: "Ndikufuna lichero lokhala ndi njovu pakati, koma musapake utoto mukatha kuluka ayi." Mmisiri angatani? Ayenera kutenga kansungwi kalikonse pakokha, kukayeza, n'kupaka pano pakuda, pano n'kusiya, apa pofiira, kenaka n'kutenga kachiwiri n'kusuntha malo opakawo pang'ono, kachitatu chimodzimodzi. Nsungwizo zili pansi mbalambanda simungaone njovu, mungoona timadonthomadontho topanda tanthauzo. Njovu ili m'mutu mwa mmisiri ndi m'kuwerenga kwake. Akapaka nsungwi za mbali imodzi yokha, ntchito ndi yovuta kale. Koma akapaka za mbali zonse ziwiri, ndiye kuti pofiira pa nsungwi yoyala payenera kukumana ndi pofiira pa nsungwi yopingasa, pamalo ake enieni. Akaphonya ndi kachikhadabo kokha, chitamba cha njovu chaduka.

Patola ndi imeneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti lichero lili ndi nsungwi zowerengeka, pamene sari ili ndi ulusi zikwizikwi wochepa ngati tsitsi, ndipo njovu si imodzi, zimabwerezedwa m'nsalu yonse. Luso lonyika ulusi usanawombedwe amalitcha ikat, ndipo limapezeka m'maiko ambiri. Koma lonyika mbali zonse ziwiri kuti zikumane ndi losowa: kupatula ku Patan, limadziwika kumudzi wa Tenganan pachilumba cha Bali, ku Japan, ndi m'midzi ina ya chigawo cha Telangana ku India komweko.

Ulusi saupaka ndi burashi. Amayamba ajambula chithunzi papepala la timabokosi, kabokosi kalikonse kuimira kagulu ka ulusi. Ulusi amaukunga pathabwa m'timagulu, ndipo popeza chithunzi chimabwerezedwa, timagulu timene tidzafanana amatiphatikiza kuti timangidwe nthawi imodzi. Amaika zizindikiro ndi makala. Kenaka amatenga ulusi wa thonje n'kumanga ndithu malo onse amene sakufuna kuti utoto ulowe, kumanga zothina mwakuti ngakhale kadontho sikangadutse. Amayi amene anaphunzira kumanga ndi kunyika nsalu m'magulu a chitukuko amva msanga, kungoti iwo amamanga nsalu yatha kale, pamene awa akumanga ulusi. Akanyika mtundu woyamba amayanika, kumasula mfundo zina, kumanga malo amene alowa kale utoto, n'kunyikanso mtundu wachiwiri. Mtundu uliwonse ndi kumanga kwake ndi kumasula kwake. Mfundozo zimafika zikwi zambiri, ndipo imodzi ikamangidwa polakwika sizidziwika tsiku lomwelo. Zidzadziwika patapita miyezi, pachowombera, pamene palibenso chokonza. Sari imodzi imatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi, anthu angapo akuthandizana, ndipo nthawi yambiri imathera pomanga ndi ponyika, osati powomba.

Utoto wachilengedwe ndi umene umawonjezera mtunda pa ulendo wautali kalewu. Wofiira umachokera ku mizu ya chomera chotchedwa majith, kapena ku tizilombo ta lac timene timamatirira pa nthambi za mitengo n'kutulutsa utomoni wofiira. Wachikasu umachokera ku makoko a makangaza kapena ku muzu wa tameriki. Wakuda ndi wa zitsulo zadzimbiri zimene amaziviika m'madzi pamodzi ndi shuga wakuda wa nzimbe kwa masabata angapo, madziwo n'kukumana ndi ulusi umene unaviikidwa kale m'madzi a chipatso chowawa chotchedwa harda. Ambiri mwa mautotowa paokha sagwira. Mungawiritse ulusi m'mizu yofiira tsiku lonse, n'kudzaona mtundu wonse ukutsika ndi madzi pochapa koyamba. Choncho amayamba auviika m'madzi a mchere wa alum, umene umagwira ulusi mbali imodzi, utoto mbali inayo. Moto nawo ufunika kuuyang'anira, chifukwa mizu ya majith ikabwata kwambiri, kufiira kumapita kuderako n'kusanduka kofiirira. Chitsulo chikachuluka chimadya silika, ndiye nsalu zakale zambiri zimayamba kung'ambika pamene pali pakuda.

Wa buluu ndi nkhani ina, ndipo kuti muumvetse pitani kwa mayi wofulula mowa wa masese. Iye amadziwa kuti chimera, ufa ndi madzi si mowa. Mowa umabwera pamene zamoyo zosaoneka ndi maso zayamba kugwira ntchito mumbiya, ndipo ntchito ya mayiyo ndi kuzisamala: kusatentha kwambiri, kusazizira kwambiri, kudikira masiku ake. Amanunkhiza, amayang'ana thovu, n'kudziwa ngati wapsa kapena wasasa. Utoto wa buluuwu, wotchedwa indigo, umayenda momwemo, ndipo umafululidwa kawiri. Koyamba amaviika masamba a chitsamba cha indigo m'madzi mpaka atawira okha. Masambawo ndi obiriwira ngati masamba ena alionse, buluu simungamuone. Amachotsa masamba n'kumenya madziwo kuti mpweya ulowe, ndipo pamenepo matope a buluu amadikha pansi. Amawaumitsa kukhala timibulu togulitsa pamsika.

Vuto n'lakuti mbulu umenewu susungunuka m'madzi. Mukausinja n'kuthira mumphika, ufa wake umangoyandama, ulusi n'kutuluka woyera. Apa mpamene pamabwera kufulula kwachiwiri. Amathira ufawo mumbiya yaikulu, nthawi zambiri yokwiriridwa m'nthaka kuti isunge kutentha, n'kuwonjezera laimu ndi chotsekemera monga shuga wakuda uja. Tizamoyo ta mumbiya timadya shugayo n'kumaliza mpweya wonse wa m'madzimo, ndipo indigo akasowa mpweya amasungunuka, madzi n'kusanduka achikasu chobiriwirira, pamwamba pali thovu la buluu. Wonyika amalowetsa ulusi pang'onopang'ono kuti asavundule mpweya. Potuluka ulusi umakhala wobiriwira, koma ukangokumana ndi mphepo umayamba kusanduka buluu inu mukuona, chifukwa utoto wabwerera mwakale, wosasungunuka, koma tsopano uli m'kati mwa ulusi. N'chifukwa chake indigo safuna alum. Wofuna buluu wakuda sawonjezera utoto, amangonyika kambirimbiri, kunyika n'kuyanika, kunyika n'kuyanika. Mbiya ikatopa amaidyetsa shuga n'kuisiya ipume, ndipo yosamalidwa bwino imakhala miyezi ngakhale zaka. Ikafa yafa, ngati mowa wosasa, ndipo ulusi womangidwa mfundo zikwi zija uyenera kudikira ina.

Wobiriwira ndiye amaseketsa. Dziko lonse ladzaza masamba obiriwira, koma chomera chopatsa utoto wobiriwira wolimba n'chosowa. Amaupeza ponyika ulusi m'chikasu kenaka mu buluu. Izi zikutanthauza kuti womanga mfundo ayenera kudziwiratu kuti kamalo aka, kamene kadzakhale tsamba, kakhala kotsegula ponyika chikasu, kotsegulanso ponyika buluu, koma komanga ponyika wofiira. Kamalo koyandikana nako, kamene kadzakhale duwa, n'kosiyana. Zonsezi pa ulusi wa m'litali, kenaka zomwezo pa wopingasa.

Musaganize kuti amisiriwa akhala akugwiritsa ntchito mizu ndi masamba osalekeza kuyambira kale. Mu 1856 mnyamata wa ku England, William Perkin, anapanga utoto woyamba wa mankhwala kuchokera ku phula la malasha. Mu 1868 akatswiri a ku Germany anapanga kufiira konga kwa mizu ija popanda muzu, ndipo mu 1897 kampani ya BASF inayamba kugulitsa indigo wa m'fakitale. Minda ya indigo ya ku India inagwa m'zaka zochepa. Alimi ambiri sanalire, chifukwa mbewuyi ankailima mokakamizidwa ndi azungu eni maesiteti: ku Bengal anaukira mu 1859, ndipo nkhondo yoyamba yopanda zida ya Gandhi m'dziko la India, ku Champaran mu 1917, inali yoimira alimi a indigo omwewa. Utoto wa mankhwalawu, wa m'chitini, unalowa paliponse, ku Patan komwe, ndipo wachilengedwe wachita kubwezeretsedwa ndi amisiri ena m'zaka zaposachedwapa. Ine sindili m'gulu la amene amati chachilengedwe chilichonse n'chabwino. Tameriki amasuluka padzuwa. Mphika wa mizu umadya nkhuni ndi madzi ambiri, ndipo ena amagwiritsa ntchito michere yapoizoni m'malo mwa alum. Utoto wa m'chitini wonyikidwa mwaluso umakhalitsa. Chimene wachilengedwe amapambanira ndi maonekedwe: kufiira kwa muzu si mtundu umodzi, muli mitundu ingapo yosakanikirana, ndiye sikulasa m'maso, ndipo kukamakalamba kumakhala kukuderako mokoma m'malo mofwifwa. Komanso miphika iwiri sifanana, choncho masari awiri safanana ndendende.

Ulusi ukauma n'kumasulidwa mfundo zonse, umapita pachowombera. Cha ku Patan n'chachilendo. N'cha matabwa ndi nsungwi, chilibe zopondera ndi mapazi, ndipo chimakhala chopendekeka, mbali imodzi m'mwamba, ina m'munsi. Amawomba anthu awiri. Wina amatukula ulusi wa m'litali kuti patseguke njira, mnzake amadutsitsa wopingasa, n'kuusuntha pang'ono kumanja kapena kumanzere mpaka mitundu itakumana, asanaukhomere. Akawomba kachigawo amaima, kutenga singano yachitsulo, n'kuyamba kukoka ulusi wa m'litali umodziumodzi umene watsogola kapena watsalira. Pa tsiku amawomba masentimita ngati 20, kutalika kwa chikhatho chotambasula. Nyengo nayo imalowererapo, chifukwa silika amamwa chinyezi, ndipo m'miyezi ya mvula, kuyambira Juni mpaka Seputembala kumeneko, ulusi umachedwa kuuma ndipo kukungika kwake kumasintha.

Chotuluka pamenepo chilibe kumaso kapena kumbuyo. Popeza utoto uli m'kati mwa ulusi uliwonse, mbali zonse ziwiri n'zofanana kuwala, mwakuti mayi akhoza kuivala mbali iliyonse. A ku Gujarat ali ndi chonena chawo chakuti patola ikhoza kung'ambika koma chithunzi chake sichisuluka. Zithunzizo zili ndi maina: nari kunjar ndi ya mkazi, njovu ndi chinkhwe, pan bhat ndi ya masamba, ndipo Asilamu a mtundu wa Bohra ali ndi yawo yotchedwa vohra gaji, yopanda nyama kapena munthu. Ndi nsalu ya ukwati ndi miyambo, imene mayi amasiyira mwana wake wamkazi kapena mpongozi. Kale inkapita kutali. Kuzilumba za Indonesia mafumu ankaisunga ngati chuma chopatulika, ndipo kampani ya Adatchi ya VOC, m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700, inkagula patola ku Gujarat n'kumapereka kwa mafumuwo pofuna chilolezo chochita malonda a zokometsera zakudya. Owomba a kuzilumbazo mpaka lero ali ndi zithunzi zimene anatengera ku patola.

Amisiri a ku Patan ndi a mtundu wa Salvi. Mbiri imene iwo amasimba imati m'zaka za m'ma 1100 mfumu Kumarapala inabweretsa mabanja 700 a owomba kuchokera ku Jalna, kumwera, kuti akhale mumzinda wake. Lero makomo amene akugwirabe ntchitoyi mwa njira yakale mungawawerenge ndi zala. Si kuti ogula kulibe. Patola yeniyeni imagulidwa ma rupee oposa 100,000, zina kuwirikiza kangapo, ndipo oifuna amalembetsa n'kudikira. Koma gawani ndalamayo kwa anthu anayi kapena asanu kwa theka la chaka, muchotsepo mtengo wa silika, muone chotsala. Wonjezanipo kuti mwana ayenera kuphunzira zaka zambiri asanapatsidwe kumanga mfundo yekha, pamene anzake apita kukoleji. Ku Rajkot, m'chigawo chomwecho, amawomba patola yonyika mbali imodzi yokha, imene imatha msanga ndipo mtengo wake ndi wotsika. Imeneyo ndi ntchito ya manja yoona, bola wogulitsa anene chimene ili. Mdani weniweni ndi makina a m'mizinda ngati Surat, amene amadinda njovu zomwezo pa poliyesita, mazanamazana pa tsiku.

Boma la India layesa kutchinga. Lamulo la 1985 linapatula mitundu ina ya nsalu kuti iziwombedwa ndi manja okha. Mu 2004 anakhazikitsa chizindikiro cha Silk Mark chotsimikiza kuti nsalu ndi ya silika weniweni, mu 2006 cha Handloom Mark chotsimikiza kuti yawombedwa ndi manja, ndipo mu 2013 dzina la Patan Patola linalembedwa m'kaundula kuti likhale la nsalu za kumeneko zokha. Nkhaniyi si yaing'ono ku India, chifukwa kalembera wa boma wa 2019 mpaka 2020 anapeza anthu pafupifupi 3.5 miliyoni okhalira ntchito yowomba ndi manja, ambiri mwa iwo amayi. Koma chikwangwani chimasokedwa ndi aliyense, ndiye ogula odziwa amadalira maso awo. Amayang'ana m'mphepete mwa chithunzi: pa nsalu yodinda mzere umakhala wosalala, pamene pa yonyika ulusi umakwera ngati timasitepe, ndi tinthenga tating'ono pamene ulusi wina unaphonya pang'ono. Amapita kumathero a nsalu n'kutsata kaulusi kamodzi ndi diso. Pa patola yeniyeni kaulusi komweko kamasintha mtundu m'litali mwake, pano kofiira, apa koyera, apo kobiriwira, ndipo kopingasa kamachitanso chimodzimodzi. Pa ya ku Rajkot wopingasa yekha ndiye amasintha, wa m'litali ndi wa mtundu umodzi. Wokaikira silikayo amapempha kaulusi n'kukayatsa ndi machesi. Silika amanunkha ngati tsitsi lopserera n'kusiya kaphulusa kofumbutuka ndi zala, pamene poliyesita amasungunuka n'kuundana kampira kolimba.